Wosunga bokosi la makalata ndiye amasankha ngwazi

Amene munakhalapo pa maliro a munthu wotchuka mukuidziwa nthawi ija woyendetsa mwambo amaitana wachibale kuti awerenge mbiri ya malemu. Pepala limatuluka m'thumba la jekete, lopindidwa kanayi. Timamva sukulu imene malemu anaphunzira, maudindo a ku mpingo, ana ndi zidzukulu zimene asiya. Koma mayi wa khomo loyandikana nalo, amene anatha miyezi isanu akuphika phala ndi kuchapa zofunda za wodwala, dzina lake silimveka. Iye nthawi imeneyo amakhala ali kuseri kwa nyumba, akupakula nsima ya adzukulu. Palibe wanama. Kungoti wogwira pepalayo ndi wapabanja, ndipo walemba zimene banja likufuna kuti zikumbukidwe.

Mbiri ya anthu amene analimbana ndi ukapolo ku Britain ndi ku America inatifika m'njira yomweyi. Zambiri zimene timadziwa za iwo zimachokera m'makalata amene ankalemberana pachibale ndi pachinzawo. Makalatawo sanadzisunge okha. Anawasunga ndi ana, akazi amasiye ndi abwenzi, m'nyumba zosadontha za mabanja opeza bwino, ndipo osungawo ndi amene anasankha oti asindikizidwe ndi oti atsale pansi pa bokosi. N'chifukwa chake ine ndimati makalata amenewa ndi mboni yofunika, koma mboni ya mbali imodzi. Ife amene ena mwa makolo athu anatsikira ku Nkhotakota khosi lili m'goli tiyenera kuwawerenga monga nkhoswe imamvera mlandu: khutu ku zonenedwa, kwinaku tikufunsa kuti amene sanaitanidwe pabwalo ndani.

Ndisanayambe kudandaula, ndivomere kaye kuti popanda chibale ndi ubwenzi umenewo ntchito ija ikanachedwa kwambiri. Cha m'ma 1780 madoko a Liverpool ndi Bristol ankalemera ndi malonda ogulitsa anthu. Eni minda ya nzimbe ku Jamaica ndi ku Barbados anali ndi anzawo m'nyumba ya malamulo. Wofuna kutsutsa zimenezi ankayenera kudziwa woti amuululire za kukhosi, ndipo munthu amayamba wakhulupirira amene amadya naye mbale imodzi. Komiti imene inayambitsa ntchitoyi pa 22 Meyi 1787 inali ya amuna 12 okha, amene anakumana m'nyumba yosindikizira mabuku ku George Yard mu London. Mwa iwo, 9 anali a mpingo wa Quaker, anthu okwatirana okhaokha ndi kugulitsana malonda okhaokha, ozolowera kale kutumizirana makalata kuchokera ku London mpaka ku Philadelphia. Njira zimene zinkanyamula nkhani za mpingo ndi za malonda ndi zomwezo zimene zinanyamula timabuku totsutsa ukapolo.

Gulu la William Wilberforce, phungu amene ankatsogolera ntchitoyi m'nyumba ya malamulo, ku Clapham pafupi ndi London ndiye linali mudzi weniweni. Apao ndi mizu ya kachere, amakumana pansi. Henry Thornton, mwini banki amene ankathira ndalama pa ntchitoyi, anali wachibale wa Wilberforce, ndipo awiriwa anakhalapo nyumba imodzi ku Battersea Rise asanakwatire. James Stephen, loya amene anakonza lamulo lochenjera la 1806 lomwe linadula gawo lalikulu la malondawo mobisalira kuseri kwa nkhondo yolimbana ndi France, anali mlamu wake, poti anakwatira mlongo wake Sarah mu 1800. Nanga Zachary Macaulay? Anapita ku Jamaica ali ndi zaka 16 kukagwira ntchito pa munda wa nzimbe wolimidwa ndi akapolo, ndipo anavomera yekha m'kalata yopita kwawo kuti kulira kwa chikwapu kunali kutamuzolowera. Amene anamusintha si mlaliki wa paguwa ayi, koma mlamu wake Thomas Babington, mwamuna wa mlongo wake Jean, amene anamusunga pakhomo pake ku Rothley Temple atabwerako. Macaulay yemweyo anadzakhala nkhokwe ya ziwerengero za gululo, moti pakasoweka nambala anzake ankangoti tikayang'ane mwa Macaulay.

Makalata awiri amatchulidwa kawirikawiri, ndipo ndi oyeneradi. Mu Disembala 1785 Wilberforce, phungu wa zaka 26 amene anali atangotembenuka mtima, ankalingalira zosiya ndale. Analembera kakalata John Newton, m'busa amene kale ankayendetsa sitima zonyamula akapolo, kupempha kuti aonane koma mwachinsinsi, poti nkhope ya phungu inali yodziwika mumzinda. Atafika pafupi ndi nyumba ya m'busayo anayamba wazungulira bwalo la pamenepo asanalimbe mtima kugogoda. Newton ankamudziwa kuyambira ali mwana, kudzera kwa achibale amene anamulerako ku Wimbledon, ndipo anamulangiza kuti asachoke m'nyumba ya malamulo. Kalata inayo ndi ya pa 24 Febuluwale 1791. John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, kutatsala masiku 6 kuti atsikire kulichete, analembera Wilberforce kumulimbitsa mtima kuti asatope. M'kalatamo anatchula kuti m'mawa womwewo ankawerenga zolemba za munthu wina wosauka wa ku Africa. Dzina la munthuyo sanalilembe. Anali Olaudah Equiano.

Apa mpamene ine ndimaima kaye. Equiano ameneyu, amene anadziwombola yekha mu 1766 ndi mapaundi 40, ndi amene pa 19 Malichi 1783 anapita kwa Granville Sharp, mzungu womenyera ufulu wa akapolo ku London, kukamuuza za sitima ya Zong: mmene amalinyero anaponyera m'nyanja anthu amoyo oposa 130, eni sitima n'kukapempha ndalama za inshuwalansi ngati kuti ndi katundu wowonongeka. Tsikulo timalidziwa chifukwa Sharp analilemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku. Mwayi wa Equiano ndi woti mu 1789 analemba yekha mbiri ya moyo wake n'kumayenda nayo akugulitsa ku England, Scotland ndi Ireland. Akanakhala wosagwira cholembera, bwenzi lero ali mzere umodzi m'buku la Sharp ndi munthu wopanda dzina m'kalata ya Wesley.

Koma musaganize kuti bokosi limakondera poyang'ana khungu lokha. Thomas Clarkson anali mzungu, wophunzira ku Cambridge. Kuyambira 1787, kwa zaka 7, anayenda mamailosi pafupifupi 35,000, ambiri pa hatchi, akusaka umboni m'madoko ndi m'malo omwera mowa amalinyero. Anatolera mayina a amalinyero 20,000 kuti asonyeze kuti malondawo ankapha ngakhale azungu ogwira ntchito m'sitimamo. Anagula maunyolo a m'manja ndi a m'miyendo, ndi kachitsulo kokanulira pakamwa pa kapolo wokana kudya, n'kumazionetsa kwa anthu kuti azigwire ndi manja awo. Ku Liverpool gulu la amuna linafuna kumukankhira m'madzi padoko. Umboni wambiri umene Wilberforce ankagwedeza nawo nyumba ya malamulo unachokera m'chikwama cha Clarkson, ndipo awiriwa anakhala pa ubwenzi zaka zoposa 40.

Wilberforce anamwalira mu Julayi 1833. Mu 1838 ana ake awiri, Robert ndi Samuel, anatulutsa mbiri ya bambo awo m'mabuku asanu, yochokera m'makalata ndi zolemba zimene anasiya. Mmenemo Clarkson anachepetsedwa mpaka kuoneka ngati waganyu. Anawo anafukula makalata akale a nthawi imene Clarkson, atadwala ndiponso chuma chake chitathera pa maulendo aja, anapempha thandizo, anzake n'kumusonkhera ndalama mwakachetechete cha mu 1794. Za pachinzawo zinasanduka umboni woti munthuyu ankachita kulipidwa. Taganizani nkhalamba ya zaka 78, maso atachita kale ng'ala, ikumva kuti ana a mnzake wapamtima akuwerengera dziko lonse kalata imene inalemba pa tsiku la usiwa. Clarkson anayankha ndi kabuku kake, ambiri anamuikira kumbuyo, ndipo patapita zaka zingapo anawo anamulembera kalata yovomera kuti analakwa. Koma kupepesako kunali kwa m'envelopu, pamene chipongwe chinali chitakhazikika m'mabuku asanu m'malaibulale. Chiboliboli cha Wilberforce chinaimikidwa mu Westminster Abbey mu 1840. Mwala wokumbukira Clarkson unalowamo mu 1996.

Sindikunena kuti Robert ndi Samuel anali anthu oipa mtima. Anali ana okonda bambo awo, ndipo zinkawawawa kuti m'buku limene Clarkson analemba mu 1808 ankaoneka ngati wadziika yekha pakati pa nkhani. Ambiri a ife titapatsidwa pepala pa maliro a bambo athu tingachite zomwezo. Vuto lili kwa ife owerenga, tikatenga pepala la banja ngati chigamulo cha bwalo.

Chimene ndimawakondera makalata a pachibale ndi choti amaulula zimene eni ake sakanalankhula pa nsanja. Mu Januwale 1826 Wilberforce analembera Babington kuti sakukondwa ndi amayi amene ankachita misonkhano, kusindikiza timabuku ndi kuyenda khomo ndi khomo kusainitsa zikalata zodandaula. Ankati zimenezo si khalidwe la mkazi monga mwa Malemba. Zaka ziwiri m'mbuyomo, mu 1824, Elizabeth Heyrick wa ku Leicester anali atalemba kabuku koti akapolo amasulidwe nthawi yomweyo, osati pang'onopang'ono monga bungwe la abambo linkanenera. Iye ndi anzake ankayenda m'makomo kuuza amayi anzawo kuti asiye kugula shuga wolimidwa ndi akapolo. Mu 1830 bungwe la amayi a ku Birmingham linaopseza kuti lisiya kutumiza ndalama ku likulu ngati abambowo apitiriza nyimbo ya pang'onopang'ono. Abambo anagonja. Heyrick anamwalira mu 1831, lamulo lomasula akapolo la 1833 asanalione. Pa mkangano umenewo wolondola anali iye, osati ngwazi ya ku Clapham.

Wilberforce atayamba kufooka, analembera phungu mnzake Thomas Fowell Buxton mu Meyi 1821 kumupempha kuti amulandire katunduyo. Buxton anakwatira Hannah Gurney wa ku Earlham, pafupi ndi Norwich, mng'ono wake wa Elizabeth Fry uja anasintha moyo wa akaidi achikazi kundende ya Newgate. Zimene Buxton ankalankhula ku London zinkaphikidwa ku Norfolk, chigawo cha kwawo kwa mkazi wakeyo. Mwana wake Priscilla ndiye anali mlembi wake. Mbale wa mkazi wake, Anna Gurney, amene miyendo yake inalumala ali khanda, ankawerenga milu ya malipoti a boma n'kumasankhamo mfundo ali m'kanyumba kake ku Northrepps, kumene ankakhala ndi Sarah, mlongo wa Buxton. Lipoti la komiti ya aphungu la 1837, lonena za nkhanza zimene atsamunda ankachitira eni nthaka ku South Africa, ku Australia ndi kwina, linatuluka m'dzina la aphunguwo. Koma ofufuza makalata a banjali anapeza kuti gawo lalikulu analemba ndi Anna, ndipo pakhomopo ankangolitcha lipoti la azakhali Anna. Priscilla naye anasankha kukwatiwa pa 1 Ogasiti 1834, tsiku limene lamulo lomasula akapolo linayamba kugwira ntchito.

Wina anena kuti: waona, bokosi lomwe ukulidandaulalo ndi limene lapulumutsa dzina la Anna. Zoona. Koma Anna wapulumuka chifukwa anali wa m'banja losunga mapepala. Tafunsani za Samuel Sharpe, kapolo yemwe anali dikoni wa mpingo wa Baptist ku Montego Bay, ku Jamaica. Pa Khirisimasi ya 1831 anakonza zoti akapolo akane kugwira ntchito mpaka atayamba kulipidwa. Zinakula n'kusanduka kuukira kwa anthu masauzande ambirimbiri, minda inapsa, atsamunda anabwezera popha anthu oposa 300 kudzera m'milandu yothamangitsa, ndipo Sharpe ananyongedwa pa 23 Meyi 1832. Mantha a kuukira kumeneku ndi china mwa zimene zinakankha nyumba ya malamulo ku London. Sharpe ankadziwa kuwerenga, koma uthenga wotere sukanaikidwa papepala. Unkayenda pakamwa, usiku, mapemphero akatha, anthu akulumbira atagwira Baibulo. Nawonso anali ndi alamu, asuweni ndi anzawo apamtima, apo ayi chinsinsi chikanaululika msanga. Kungoti chibale chawocho sichinasiye envelopu. Zimene zinatsala ndi zolemba za makhoti amene anawaweruza ndi za amishoni amene anawayendera m'ndende. Ndipo lamulo litadutsa, chipepeso cha mapaundi 20 miliyoni chinapita kwa eni akapolo. Anthu pafupifupi 800,000 amene anamasulidwawo sanalandire kanthu, ndipo ambiri anapitiriza kulimira ambuye awo akale ulere mpaka 1838.

Ku America ubwenzi umene umandiphunzitsa zambiri ndi umene unasweka. William Lloyd Garrison, mkonzi wa nyuzipepala ya The Liberator ku Boston, anamva Frederick Douglass akulankhula ku Nantucket mu 1841, patangotha zaka zitatu Douglass atathawa ukapolo ku Maryland. Anamutenga ngati mng'ono wake, anayenda naye m'misonkhano, analemba mawu otsogolera m'buku lake la 1845. Douglass ali ku Britain, amayi awiri a Quaker a ku Newcastle, Ellen ndi Anna Richardson, munthu ndi mlamu wake, anasonkhetsa mapaundi 150 n'kumuwombola kwa amene ankati ndi mwini wake. Koma atabwerera kwawo mu 1847 ali ndi maganizo oyambitsa nyuzipepala yakeyake, anzake a ku Boston anamugwetsa ulesi. Chaka chomwecho, awiriwa ali pa ulendo wa misonkhano, Garrison anadwala kwambiri ku Cleveland, Douglass n'kupitiriza ulendo. Garrison analembera mkazi wake Helen kudandaula kuti mnzakeyo sanamulembere ngakhale mzere umodzi wofunsa mmene wadzukira, ndiponso kuti za nyuzipepala sanamufunse nzeru. Mu Disembala, The North Star inatuluka ku Rochester.

Mabuku amati awiriwa anasiyana pa malamulo aakulu a dziko la America: Garrison ankati ndi pangano lopangana ndi imfa poti ankalola ukapolo, pamene Douglass mu 1851 analengeza kuti malamulo omwewo angathe kukhala chida chothetsera ukapolo. Ndi zoona. Koma kalata yopita kwa Helen ija ikuonetsa chilonda china chimene chinayamba kale, cha munthu wozolowera kuthokozedwa. Timawadziwa anthu otere, okuthandiza ndi mtima wonse bola ukhalebe wothandizidwa. Mkangano unafika ponyansa mu 1853, pamene The Liberator inalowa m'nyumba ya Douglass n'kuyamba kunena za Julia Griffiths, mayi wa ku England amene ankamuthandiza kuyendetsa nyuzipepala. Harriet Beecher Stowe, mlembi wotchuka wotsutsa ukapolo, anachita kulembera Garrison kumufunsa ngati mpingo woona wotsutsa ukapolo uli umodzi wokha, ena onse n'kukhala osakhulupirira. Komabe Garrison atamwalira mu 1879, Douglass anaimirira pagulu n'kumuyamikira.

M'nkhani yonseyi muli munthu amene mawu ake sitiwamva: Anna Murray, mkazi wa Douglass kwa zaka 44. Anabadwa mfulu, ankagwira ntchito za m'nyumba ku Baltimore, ndipo ndalama zake pamodzi ndi zovala za amalinyero zimene anamukonzera ndi zimene zinathandiza Douglass kuthawa mu Seputembala 1838. Mwamuna ali ku Britain kwa miyezi pafupifupi 20, iye ankasoka nsapato ku Lynn kuti ana anayi adye. Ku Rochester ankadzuka usiku kulandira othawa ukapolo, kuwayalira ndi kuwaphikira. Kuwerenga ndi kulemba sankadziwa. Makalata a mwamuna wake ankachita kumuwerengera ena a pakhomo, ndipo yankho lake linkadutsa m'dzanja la wina, pambuyo pake la mwana wake Rosetta.

Ntchito ya Rosetta ine ndimaidziwa. Ndili sitandade 5 ndinali mlembi wa agogo anga aakazi. Amalume anali ku migodi ya Johannesburg, ku Joni monga tinkanenera, ndipo kalata ikafika agogo ankandiitanira kuseri kwa nkhokwe kuti akazi a amalume asamve. Ndinkawerenga kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono. Kenako ankandithotholetsa pepala pakati pa kope la masamu n'kuyamba kunena yankho, akutonola chimanga m'lichero, osandiyang'ana n'komwe. Tsiku lina anati: "Lemba kuti iwe, ukapitiriza kunditumizira mabulangete m'malo mwa ndalama ya feteleza, udzapeza manda anga atamera udzu." Ine ndinachita manyazi kulembera amalume mawu otere. Ndinalemba kuti agogo athokoza bulangete lija ndipo akupempha kuti mukumbukirenso za feteleza. Atati ndiwawerengere, ndinabwereza zimene iwo ananena, osati zimene zinali papepala. Makalata a amalume alipobe m'sutukesi yachitsulo kumudzi. Ngati ena mwa mayankho athu anapulumuka ku Joni, mdzukulu amene adzawapeze adzati agogo anali ofatsa, a mawu ozungulira. Sanali otero.

Ndiye ndikamva za kalata imene inatuluka mu The Liberator m'dzina la Anna Douglass mu 1853, yokana kuti Julia Griffiths wasokoneza banja lake, ndimafunsa kuti anagwira cholembera ndani, ndipo anasiya mawu ati. Funso lomwelo ndi la Mary Prince, mayi wobadwira ku Bermuda amene mbiri ya ukapolo wake inasindikizidwa ku London mu 1831. Iye ankanena, Susanna Strickland ankalemba, ndipo Thomas Pringle, mlembi wa bungwe lotsutsa ukapolo yemwenso anali bwana wake wa pakhomo, ankadulira. Douglass mwiniwake ankakudziwa kusiyana kumeneku. Mu 1868 analembera Harriet Tubman, amene anabwerera ku Maryland maulendo pafupifupi 13 kukatulutsa abale ndi anansi, kuti iye wagwira ntchito masana akuomberedwa m'manja, pamene Tubman wagwira usiku, mboni zake zili nyenyezi. Tubman naye sankawerenga. Kalata yomuyamikirayo anachita kuwerengeredwa.

Pali kalata imodzi imene imandiletsa kunyoza bokosi lonse. Angelina Grimké ndi mkulu wake Sarah anabadwira m'banja la woweruza wolemera, mwini akapolo, ku Charleston mu South Carolina. Anachoka kwawo n'kukhala ena mwa amayi oyamba kuyenda akulankhula poyera motsutsa ukapolo, mpaka kwawo kunamveka zoti Angelina akadzangopondako amangidwa. Mu 1868, nkhondo yapachiweniweni itatha, Angelina anaona m'nyuzipepala dzina la mnyamata wakuda wophunzira pa Lincoln University ku Pennsylvania: Archibald Grimké. Dzina la Grimké si lofala. Akanatha kupinda nyuzipepalayo n'kukhala chete. M'malo mwake analemba kalata yofunsa ngati mnyamatayo anali mmodzi wa akapolo akale a kwawo. Yankho linabwera loti iye, Francis ndi John anali ana a Henry, mlongo wake weniweni wa Angelina, amene anabereka mwa Nancy Weston, kapolo wake. Henry atamwalira, Montague, mwana wake wa kwa mkazi wachizungu, anadzagwira abale akewo ukapolo.

Timati chibale ndi fupa, sichiola. Montague anaonetsa kuti chimatha kukanidwa masanasana. Angelina anayankha powalandira anyamatawo ngati ana a mlongo wake, anapita kukawaona, ndipo iye, mwamuna wake Theodore Weld ndi Sarah, ngakhale sanali opeza bwino, anathandiza kuwalipirira sukulu. Archibald anamaliza maphunziro a zamalamulo ku Harvard, Francis anakhala m'busa ku Washington. Kudzudzula ukapolo pa nsanja kunkafuna kulimba mtima, koma kuvomera kukhala azakhali a ana a Nancy Weston anali mayeso ena, amene ambiri odziwa kulankhula akanalephera.

Nkhaniyi ikutikhudza kuno osati mwa fanizo chabe. Pa 1 Juni 1840, ku Exeter Hall mu London, pa msonkhano wa bungwe latsopano la Buxton lofuna kuthetsa malonda a akapolo mu Africa, pakati pa omvera panali mnyamata wophunzira zachipatala, David Livingstone. Samuel Wilberforce, mwana yemwe uja anachepetsa Clarkson, atakhala bishopu wa Oxford anali mmodzi wa akuluakulu amene anakankha kukhazikitsidwa kwa mishoni ya mpingo wa Anglican yotchedwa UMCA, imene inafika ku Magomero mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Pa 16 Julayi chaka chimenecho, pamudzi wa Mbame, Livingstone ndi anthu ake anamasula anthu 84. Mwa ana amene anamasulidwa masiku amenewo munali kamnyamata ka Chiyao, Chuma. Mwa azungu a mishoniyo munali Horace Waller, amene anakhala bwenzi lolemberana makalata ndi Livingstone mpaka imfa.

Livingstone atamwalira kwa Chitambo, ku Zambia ya lero, mu Meyi 1873, Waller ndi amene anapatsidwa zolemba zake kuti azikonze, ndipo zinatuluka mu 1874. Livingstone amene tinamuphunzira ku pulayimale, woleza mtima, womwalira atagwada akupemphera, mbali yaikulu anamuumba ndi Waller. Bwenzi linachotsa mawu aukali amene mnzake analemba za anthu ena, linasalaza pokhakhala. Za mmene amalonda a akapolo anaphera anthu mazana pamsika wa Nyangwe ku Congo pa 15 Julayi 1871, Livingstone analemba koyamba pa nyuzipepala yakale, ndi inki yofinya ku njere za chipatso china, poti mapepala ndi inki zinali zitamuthera. Inkiyo inazilala. Akatswiri atawerenga masambawo ndi makina a kuwala mu 2011, anapezamo munthu wosweka maganizo, wokayikira kuti mwina ena mwa anthu a paulendo wake anatengako mbali pa kuphako, zimene m'buku la 1874 simuzipeza. Nkhani ya Nyangwe inathandiza kukakamiza Barghash, mfumu ya Zanzibar, kutseka msika wa akapolo mu 1873, ndiye sindikuti makalatawo anali achabe. Ndikungoti munthu weniweniyo anali wovuta kumumvetsa kuposa amene bwenzi lake linatipatsa.

Ndipo m'mimba ndi m'chipala. Agnes, mwana wa Livingstone, anakwatiwa ndi Alexander Low Bruce, amene anagula malo aakulu ku Magomero komweko. Mwana wawo, Alexander Livingstone Bruce, ndiye ankayang'anira minda imeneyo pamene ntchito ya thangata inafika powawa, matchalitchi a John Chilembwe akuotchedwa pa esiteti, mpaka anthu a Chilembwe anaukira usiku wa 23 Januwale 1915. Pamalo pomwe anthu ovulidwa goli anapatsidwa pokhala mu 1861, patapita zaka 50 anthu ena, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalima thonje mokakamizidwa pa nthaka ya banja la womasula uja.

Chuma, Abdullah Susi ndi anzawo ananyamula mtembo wa Livingstone miyezi 9, mtunda woposa mamailosi 1,000, mpaka ku Bagamoyo. Ena anafera m'njira. Pa maliro a ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874, wa m'gululo amene analipo anali Jacob Wainwright yekha, amene anaphunzira kwa amishoni ndipo ankalemba Chingerezi. Chuma ndi Susi anafika ku Britain maliro atatha, ulendo wawo atalipira James Young, mnzake wakale wa Livingstone wa ku Glasgow. Waller anakhala nawo pansi akuwafunsa za masiku otsiriza, pamene mwini zolemba analibenso mphamvu yogwira pensulo, ndi za ulendo wonse wa mtembo. Mitu yomaliza ya bukulo ndi mawu a Chuma ndi Susi, m'Chingerezi cha Waller. Chuma anabwerera ku Africa, anatsogolera maulendo ena, kuphatikizapo wa Joseph Thomson, mzungu woyenda kufufuza malo, mu 1879, ndipo anamwalira ku Zanzibar mu 1882 atangopitirira pang'ono zaka 30. M'mitu ija amalankhula masamba ambirimbiri, koma nkhani yake ndi ya imfa ya munthu wina. Pa tsamba loyamba la bukulo dzina lake ndi la Susi alipo, pansi pa la Livingstone ndi pamwamba pa la Waller, atatchulidwa kuti antchito ake okhulupirika.